Mchenga wa Nyumba ya Shamsiya

Shomoni, Ngazija, Komoro
6 Febuluwale 2005

Okondedwa mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathu ku Nzuwaniko, inu, mwana wathu, ndi apongozi anga pamodzi ndi bondo lawo lija. Ine kuno ndili gwa, Mulungu atamandike.

Iwe Shamsiya, popeza ndiwe umawerengera mayi ako makalata anga, uwerenge zonse, usadumphe pamene pakunena za iwe.

Za tsiku ndamva. Ngati akwawo kwa Nurudini agwirizana zoti ukwati ukhale mu Ogasiti chaka chamawa, ndiye kuti tatsala ndi chaka ndi theka kuti nyumba ya mwanayu iime. Mwana wanga sadzalandirira mwamuna wake kuchipinda kwa amake ngati alibe bambo. Bambo anu anakumangirani yanu, ine n'kulowamo ndi kabokosi kanga ka malaya awiri, ndiye nanenso ndimangira wanga, ya mabuloko, anthu aone. Ndapatsira Mshangama wa chombo mafalanga 45,000. Mugule simenti matumba khumi, muike pamatabwa, isagunde pansi. Mchenga musagule ayi. Tingatayirenji ndalama pa chinthu chimene Mulungu anatiyalira pakhomo? Muzitapa pagombe pathu, kumunsi kwa nyumba ya apongozi, m'mawa madzi akaphwa. Ndowa khumi patsiku zakwana, pang'onopang'ono ndi mtolo. Muunjike panja kuti mvula izitsuka mchere.

Mwalembetsa kuti pachisumbu chino ndili ndi mkazi wachiwiri dzina lake Gombe. Mlanduwo sindikukana. Zaka khumi ndi chimodzi ndikumupesa m'mawa uliwonse ndi leki yanga yosalazira mchenga, ndipo sanandikolepo. Mukanaona lero! Mchenga woyera mbee pakati pa miyala yakuda bii imene phiri linalavula kalekale, madzi oti umaona zala zako za kumapazi ngakhale akufike m'khosi, milambe itaima kumtunda. Mzungu wina wamkazi wa ku Faransa, wachikulire ndithu, anangovula nsapato n'kuyamba kulira. Ndinamufunsa ngati waponda chigoba cha nkhono, iye akuti ayi, kwangokongola. Bibi Riziki, mwini tinyumba ta alendo timene ndimagwirako ntchito, akuti tonse tadzaza mpaka mwezi wamawa.

Amene amandisowetsa mtendere ndi otapa mchenga. Dzulo ndapeza amayi awiri ali ndi ndowa kuseri kwa mwala. Ndinati, "Amayi inu, khuthulani, mchenga uwu ndi umene umatiitanira alendo." Wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere, "Iwe wa ku Nzuwani, unabwera nawo m'thumba mchengawu?" Ine ndinati, "Ayi mayi, koma ndimaupesa tsiku ndi tsiku. Amuna anu tsitsi lanulo analiona liti?" Anaseka, anakhuthula, n'kumapita akunditukwana mokoma. Kwathuko ndi nkhani ina, kulibe mlendo amene adzavulire nsapato gombe lathu.

Moni kwa onse ondifunsa.

Ndine mwamuna wanu,
Saindu Useni


Shomoni
27 Malichi 2005

Okondedwa mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti malungo aja anakusiyani. Ine ndili bwino, kungoti miyendo ikudandaula pang'ono, mumva chifukwa chake.

Maziko atha m'masabata asanu ndi awiri! Ndinawerenga kawiri pamenepo. Mayi a Shamsiya, khosi lanu ndi lachitsulo. Mmisiri mumuuze kuti chipinda chogona chiyang'ane kumene kumachokera mphepo ya kunyanja, ndipo asamachepetse simenti ine kulibe.

Ndangotsika dzana ku Karitala ndi alendo anayi. Ndalikwera phirili kosawerengeka, koma nthawi zonse limandigwira pakamwa. Timayamba m'minda ya nthochi, kenako nkhalango yonyowa, mitengo itavala ndere mpaka m'nthambi, mbalame zikulira osaoneka. Ukapitirira apo mitengo imafupika mpaka kukufika m'chiuno, kuzizira n'kuyamba. Kenako umangozindikira nthaka yatha, waima pamlomo pa chidzenje choti mudzi wathu ndi mzinda wa Mutsamudu womwe angalowemo n'kutsala malo a bwalo la mpira. Pansi pake pali kanyanja kobiriwira, ndipo mwina ndi mwina mukufuka nthunzi. Palibe mlendo amene amalankhula akafika pamenepo, ngakhale wolongolola bwanji.

Tinali naye wina wa ku Italiya, wansapato zodula, amene m'munsi ankaseka mapatapata anga. Pofika pakati ndine ndinamunyamulira chikwama, n'kumamudyetsa nthochi ngati mwana. Pamwamba anandifunsa kuti, "Phirili lili m'tulo?" Ndinati, "Lili m'tulo ngati apongozi, diso limodzi lili pa iwe." Shamsiya, ngati agogo ako ali pafupi, apo pokha dumpha.

Zoona zake n'zoti likutakataka. Ndikuwaphikira tiyi m'mawa, madzi ananjenjemera okha m'kapu. Sindinawauze alendo, nanunso musadere nkhawa. Mitambo itatseguka ndinaona chisumbu chathu chili phee pamadzi kutali, ndinawalozera kuti uko kuli mkazi wanga wasenza ndowa. Anajambula chithunzi.

Mwanena kuti mtengo wa kokonati wopendama uja, umene ndinkakudikiriranipo mukamachokera kotola nkhono, mizu yake yaonekera, ndiponso kuti mabanja asanu akutapa pamalo amodzi chifukwa maukwati achuluka. Zisakuvuteni. Nyanja imatenga n'kubweza, mchenga sunatherepo munthu. Pitirizani, makoma akufuna wambiri.

Ndaika mafalanga 30,000 ndi kansalu ka apongozi.

Wanu,
Saindu


Shomoni
24 Epulo 2005

Mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo chifukwa ndikudziwa zimene wailesi yakuuzani. Inu muli bwanji? Lekani kulira, ndipo zoti mundichitire sadaka muimitse kaye.

Phiri laphulikadi Loweruka la pa 16. Kunamveka chibumo pansi pa mapazi, kenako utsi unakwera ngati mtengo waukulu woti nthambi zake zaphimba theka la thambo. Ndichite kunena zoona, ndinaima kukamwa kuli yasa m'malo mothawa. Sindinaonepo chinthu choopsa chokongola chomwecho. Kenako phulusa linayamba kugwa, masana kukhala ngati madzulo, nkhuku n'kukalowa m'khola. Anthu a m'midzi ya kumtunda athawira ku Moroni ndi mbuzi zawo, koma ambiri ayamba kale kubwerera. Eni dziko lino salitukwana phiri lawo. Mkulu wina kumzikiti anangoti wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kumasesa pakhonde pake.

Vuto ndi madzi. Mukudziwa kuti chisumbu chino chilibe mtsinje, aliyense amadalira thanki yake ya madzi a mvula, ndiye matanki onse osavindikira asanduka phala lotuwa. Tikudikira magalimoto a madzi pamsewu ndi zigubu.

Gombe langa linatuwa lonse. Apo ndiye ndinalira, sindikubisa. Ndinamanga kansalu pakamwa n'kugwira leki masiku atatu. Bibi Riziki anatuluka n'kundikalipira, "Saindu, mutu ukuyenda bwino? Alendo onse athawa, ukupesera ndani?" Ndinati, "Bibi, mkazi akadwala umamusiya osasamba poti kulibe alendo?" Tsiku lachinayi nyanja inadzaza kwambiri n'kutsuka zonse yokha. Lero payera ngati palibe chinachitika.

Ndatsala ndi kachifuwa kochepa, si nkhani. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa tinyumba tili pululu. Mmisiri apitirize ndi simenti yotsalayo, inu muzingounjika mchenga, umenewo suononga ndalama.

Wanu,
Saindu


Shomoni
14 Ogasiti 2005

Okondedwa mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndapepesa kuti ndakhala chete, Mshangama anali akukonzetsa chombo. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine chifuwa chija chimabwera n'kupita, makamaka m'mawa.

Makoma afika pamwamba pa mazenera! Shamsiya, uzipita kukaima m'katimo uziyerekeza pamene udzaike bedi. Ndatumiza za malata makumi awiri, mugule okhuthala, opyapyala aja mphepo ya mchere imawadya zaka ziwiri.

Alendo abwerera, ndi athu okhala ku Marseille ku Faransa omwe abwera kudzachita maukwati atadzola mafuta onunkhira mpaka nsomba kuthawa. Anamgumi nawonso afika. Lachitatu mmodzi anatuluka thupi lonse m'madzi kuseri kwa miyala, kamwana kake kali pambali kakuyesera, alendo n'kusiya nkhanu zawo zowotcha m'mbale kuthamangira kunyanja. Lachinayi ndinaperekeza ena kumpoto, ku nyanja yamchere ya Nyamawi ija ili m'chidzenje pafupi ndi msewu, imene imasintha mtundu dzuwa likamayenda. Ndinawasimbira monga mwa masiku onse kuti pamenepo panali mudzi, unamira chifukwa anthu ake anamana madzi munthu wapaulendo. Nkhaniyi ndainena kambirimbiri osaimva.

Lachisanu m'mawa ndapeza nkhalamba ikudzaza thumba kumapeto kwa gombe, ikuchita kupala ndi mbale. Ndi Mze Mfawume wa m'mudzi wa kumtundaku, msodzi amene maso anayamba kumuvuta. Ndinamukalipira monga ndimachitira. Iye sanathawe, anangoti, "Mwana wanga womaliza akukwatiwa, chatsala ndi khoma limodzi. Iwe wa ku Nzuwani, ulibe mwana wamkazi?"

Ndinati ndili naye.

"Ukumumangira?"

Ndinati eya.

"Ndi chiyani? Ndi mphepo?"

Mayi a Shamsiya, maganizo anga anathawira kwathu. Ndinakuonani inu mutawerama ndi ndowa yanu, munthu wina atakuimirirani ndi leki akukuchitani chipongwe. Anyani sasekana zikundu. Thumba linamukanika kunyamula, ndiye ndinaika leki pansi n'kumusenzetsa. Bibi Riziki anali pakhonde ndi khofi wawo, anaona zonse. Za pamenepo ndidzanena tsiku lina.

Mwati madzi atadzaza mwezi watha anafika pakhitchini ya apongozi n'kuzimitsa moto, ndipo kokonati wathu uja wagwa. Ndamva chisoni ndi mtengowo. Mundiuze, kodi kale madzi ankafika pamenepo? Ine sindikukumbuka zotere.

Wanu,
Saindu


Moroni
30 Okutobala 2005

Okondedwa mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Mulungu alandire kusala kwanu ndi kwathu. Kalata zanu ziwiri zonse zandipeza, ngakhale yoyamba inazungulira. Musadabwe kuti ndalembera ku Moroni, ndili kudoko masiku ano, ndikuthandiza kutsitsa katundu m'zombo. Muzilembera kwa Mshangama, amadziwa kumene ndimagona. Thupi lili bwino, kungoti thumba la mpunga ndi lolemera kuposa leki.

Tithokoze Mulungu kuti apongozi anali kwanu pamene khitchini yawo inagwera m'nyanja. Ndawerenga pamene mwati m'mawa mwake munapeza mafuwa ndi mphika zili m'madzi, ndipo pakati pa mafunde ndi khoma la nyumba yawo patsala mapazi khumi. Nyumba imene munabadwiramo inu. Ndakhala pamwala kudoko kuno tsiku lonse osanyamula kanthu. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuuza anthu a eni kuti mchenga ndi umene umaimitsa nyanja, kwinaku ndikutuma mkazi wanga kukakumba pansi pa khoma la amake. Simunalakwe inu, ndinalamula ndine, ndipo kalata zanga zilipo.

Tsono mverani. Musatapenso ngakhale ndowa imodzi. Mulu umene mwaunjika pakhomo wa pulasitala ndi pansi uja, musaukhudze. Umenewo ubwerera kumene unachokera, tikautsamiritse kukhoma la apongozi.

Ndikudziwa chimene ndikunena. Ndawerenga zoti azakhali ake a Nurudini anabwera kudzaona nyumba, anayendetsa chala pamabuloko osapaka n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wathu adzalowa m'nyumba kapena m'khola?" Ndamvanso zoti anatchula dala mwana wa kwa mwalimu amene nyumba yake inatha kale ndi utoto womwe. Mawu amenewo andilasa ine kuposa inu. Ndafunsa kuno mtengo wa mchenga wa miyala yogaya, lole imodzi ikuposa malipiro anga a miyezi itatu, osawerengera chombo. Kumene ndiupeze wina sindikudziwa. Koma sindingamangire mwana nyumba pogwetsa ya agogo ake.

Shamsiya mwana wanga, ndikudziwa ndiwe ukuwerenga izi. Miyezi isanu ndi inayi ilipo. Bambo ako sanakunamizepo, kupatula za kachifuwa mwina.

Za Idi ndatumiza zochepa, mugule nkhuku ndi kansalu ka mwanayo. Ine chaka chino sindibwera.

Wanu,
Saindu


Vuvuni
19 Febuluwale 2006

Okondedwa mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti mkwiyo watsikako. Kalata yanu ya Novembala ndinailandira, ndipo ndikuyamika Shamsiya kuti analemba zonse osachotsapo. "Bambo a Shamsiya, inu mwakhala zaka mukusisita mchenga wa eni, ine ndametedwa chipala ndi ndowa, lero mukuti ndiuyang'ane ngati maluwa? Ukwati ukalephereka mudzamukwatira ndinu mwanayu?" Ndinaiwerenga katatu. Munanena zoona zokhazokha, n'chifukwa chake sindinayankhe msanga. Koma mulu simunaukhudze, Mshangama wandiuza. Mkazi ngati inu sindinamuone pa zisumbu zonse zinayi.

Ndiulule zimene mwazindikira kale. Ntchito ya ku Shomoni inatha tsiku lomwe lija la thumba. Bibi Riziki anangoti, "Mlonda wosenzetsa akuba ine ndimulipire chiyani?" Sindiwaimba mlandu, gombe ndi limene limawadyetsa.

Tsono imvani za phiri. Linaphulikanso kumapeto kwa Novembala, ulendo uno phulusa linagwera mbali ya Moroni, mzinda wonse kuyera ngati wathiridwa ufa. Kenako mvula inabwera yamphamvu n'kukokolola zonse zimene zinaunjikana pamwamba. Makwawa ouma otsika kuphiri anasefukira ndi matope, minda ndi nyumba zina kuno ku Vuvuni zinaonongeka, zomvetsa chisoni. Koma madzi ataphwa, m'khwawa monse munatsala mchenga wakuda, wosalala, wakuya kuposa msinkhu wanga.

Amene anadzanditenga kudoko ndi Mze Mfawume, atagwira mkono wa mkamwini wake woyendetsa lole. Anandizindikira ndi mawu. "Iwe wa ku Nzuwani, ndakufunafuna! Thumba lako lija ndinakalikhuthula pomwe paja nditamva kuti akuchotsa, linkandiwotcha pakhomo. Tiye, phiri latitumizira mchenga, ndipo kulibe mlonda wamwano ngati iwe."

Ndakhala m'khwawa muno masabata asanu ndi limodzi ndi fosholo. Tilipo ambiri, tikamachotsa mchenga eni mudzi amatithokoza chifukwa njira ya madzi ikutseguka. Mmisiri wina wachikulire anaufikisa m'manja, anaulawa ndi lilime, n'kunena kuti ulibe mchere ngakhale pang'ono, umagwira simenti kuposa wa kunyanja, ndipo khoma lake silitukusira. Tangoganizani, chaka chonse ndimaliopera ntchito yanga phirili, osadziwa kuti likupera mchenga wa mwana wanga. Ndikaweramuka ndimaliona lili pamwamba pathu, lavala mtambo wake, ngati silinachite kanthu.

Matumba makumi asanu ndi atatu akwera chombo cha Mshangama maulendo awiri. Sindikulipira ndalama, ndamulonjeza kumutsitsira katundu mpaka Meyi. Ku Mutsamudu mupeze galimoto, ndaika mafalanga ake. Muuze mmisiri asefe kaye asanasakanize. Musaope kuti nyumba idzada, njereza ilipo, azakhali aja adzachita kuphimba maso.

Ndinapita kuchipatala za chifuwa chija. Adokotala alankhula zambiri, ena mwa mawu awo ndi oti fumbi ndilitalikire. Ndawauza kuti ndamva.

Wanu,
Saindu


Shomoni
11 Juni 2006

Okondedwa Eshati, mayi a Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ndakutchulani dzina lero, mwanayo aseke ngati akufuna. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino mmene munthu wokondwa amakhalira bwino.

Nyumba yatha! Mshangama anandipatsa kalata yanu ndili pakati pa matumba, ndinakhala pansi pomwepo. Pulasitala, pansi, njereza kawiri, chitseko chobiriwira. Ndipo azakhali a Nurudini anayendetsanso chala chawo chija pakhoma, n'kuchiyang'ana, n'kufunsa kuti mmisiri wake ndani. Muwauze kuti mmisiri wamkulu ali kuno, ndi wamtali kuposa mitambo, ndipo salandira maoda. Tsiku likhale lomwelo la 12 Ogasiti. Shamsiya, nyumba imeneyo ndi yako, mwamuna adzalowamo ndi kabokosi kake ngati mmene ndinalowera ine. Maziko ndi makoma ake anadutsa pamutu pa mayi ako, usadzaiwale.

Mukuona ndalembera ku Shomoni. Masabata awiri apitawa phiri layatsa moto m'chidzenje chake, osataya phulusa, osaopseza munthu, ndiye alendo akhamukira kuno kudzaona. Bibi Riziki ananditumira uthenga. Nditafika anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Waonda ngati mpini wa leki yako. Amene ndinamulemba m'malo mwako amapesa ngati akulima chinangwa, ndipo njira ya kuphiri saidziwa. Bwerera, zakale zinapita ndi madzi."

Ndinavomera ulendo umodzi. Kale ndinkadikira alendo pamwamba pa chitunda chilichonse, ulendo uno ndi iwo amene ankandidikira ine, ndikunamizira kuwaonetsa mbalame kuti ndipume. Zimene adokotala ananena ndi zoona, Eshati, mapapo anga sadzakweranso phiri limeneli. Ndanena poyera tsopano, mwanayo ndi wamkulu. Koma ndinafika, ndipo ndinaona. Pansi pa chidzenje, pamene panali kanyanja kobiriwira kaja, pali nyanja ya moto, yofiira, ikubwata n'kumadziponya m'mwamba, kutentha kwake kukufika kumaso uli patali. Alendo ankajambula, ine ndinangovula chipewa n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Ndinalithokozanso phirilo chamumtima. Landitengera mpweya, landipatsa nyumba ya mwana, sindikuona kuti landibera.

Lero m'mawa ndapesa gombe komaliza, kuyambira kumilambe mpaka kumiyala yakuda. Linali lokongola mopweteka. Ndawauza Bibi Riziki kuti ndikupita kwathu, ndipo andipatsa leki ija kuti ikhale yanga. Mkazi mnzanu uja ndamusiya mwamtendere, apeza wina womupesa.

Tsono za mulu. Ndinafunsa kuti ubwerera liti kunyanja, ndipo yankho lanu Shamsiya walemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Ndinaukweza ndekha. Wofuna kuutsitsa abwere yekha." Ndamva. Ndikwera chombo cha Mshangama Lachinayi pa 22. Sindikudziwa ngati ndowa mazana atatu zingaimitse nyanja, kapena ngati mabanja enawo adzandimvera ndikawauza za mchenga wakuda. Ndiyamba ndi wanga. Ndizitsika nawo pang'onopang'ono, ndowa khumi patsiku monga ndinakulamulirani inu, mpweya ukakana zisanu. Ndikatha ndidzapesa pansi pa khoma la apongozi mpaka pasalale. Ndinalemba kale kuti gombe lathu lilibe mlendo woti alivulire nsapato. Inu mwakhala mukuliponda opanda nsapato zaka zonsezi, ine osaona.

Anthu adzaseka kuona bambo wa mkwatibwi atasenza ndowa pamutu ukwati uli pafupi. Aseke. Ndowa yanu ija musabwereke munthu, ndipo nkhata musataye. Mudzandiphunzitse kapindidwe kake, mutu wanga sunasenzepo kanthu.

Ndine mwamuna wanu,
Saindu